Cimbale Cowala ndi Cimbale Cokutha: Kuyeza Sikelo ya Ogula Zimbale Zakale za Blues

Mu 2013, munthu wina wa ku America, dzina lake John Tefteller, anapereka madola 37,100 kugula cimbale cimodzi cokha. Cinali ca Tommy Johnson, woimba blues wa ku Mississippi, ndipo munali nyimbo ziwiri basi, ina mbali iyi ina mbali inayo, iliyonse ya mphindi ngati zitatu. Pamene cinkatuluka mu 1930, mtengo wake sunkafika ndi dola imodzi yomwe. Codabwitsa n'cakuti Tefteller anali naco kale cimbale cina ca nyimbo zomwezo, kungoti cakeco cinali cokutha. Nyimbo anali nazo. Cimene anagula ndi ndalama zonsezo ndi kusalala kwa cimbale.

Anthu osonkhanitsa zimbale zakale ali ndi sikelo yawo yoyezera ubwino wa cimbale, ndipo mtengo umakwera kapena kutsika potsata sikeloyo. M'nkhani ino ndifuna kuiyeza sikeloyo, tione pamene inena zoona ndi pamene isokeretsa. Wina afunsa kuti za ku Mississippi zitikhudza bwanji ife a ku Domwe, Ulongwe ndi Tsangano. Zitikhudza cifukwa sikelo yomweyi ndi imene amayezeranso zimbale za kwela, rumba ndi marrabenta, zonga zimene madoda athu ankabwera nazo kucokera ku Salisbury ndi ku Joni. Munthu wosaidziwa sikelo ya wogula amagulitsa nyemba zake ngati madeya.

Zimbale zake ndi zotani

Blues ndi nyimbo za anthu akuda a kumwera kwa United States, zidzukulu za akapolo, ambiri a iwo olima thonje m'minda ya eni malo. Amaimba za ngongole, za nchito yowawa, za mkazi kapena mwamuna amene wathawa, za mowa ndi za ulendo. Makampani a zimbale anayamba kuwalabadira mu 1920, pamene nyimbo ya Mamie Smith yochedwa "Crazy Blues" inagulidwa kwambiri ndi anthu akuda anzake.

Zimbale za nthawi imeneyo n'zolemera ndipo zimasweka ngati mbale yadothi. Zinkapangidwa ndi shellac, utomoni wocokera ku tizilombo ta m'mitengo ya ku India, ndipo zimazungulira ka 78 pa mphindi imodzi. Ndi zija zoimbidwa pa galamafoni yopukusa ndi singano yacitsulo. Zimbale za vinyl, zopepuka ndi zosasweka msanga, zinabwera pambuyo: kampani ya Columbia inatulutsa cimbale cacikulu ca LP mu 1948, ndipo RCA Victor inatulutsa kacimbale ka 45 mu 1949. Nyimbo za Muddy Waters, Howlin' Wolf ndi Little Walter, za kampani ya Chess ya ku Chicago, zinatuluka pa mitundu yonse itatuyi. Wosonkhanitsa blues weniweni amasunga yonse, ndipo yonse amaiyeza mwa njira yofanana.

Sikelo yake ndi iyi

Sikelo yofala kwambiri pa zimbale za vinyl ndi ya magazini ya ku America yochedwa Goldmine. Pamwamba penipeni pali Mint, cimbale cangwiro cimene singano sinacikhudzepo. Cotsatira ndi Near Mint, cimene cinaimbidwa mosamala ndipo cilibe cilema cooneka. Kenako Very Good Plus, cokhala ndi tizipsera topepuka tosasokoneza nyimbo. Pansi pake pali Very Good, cimene kuthetheka kwake kumamveka nyimbo ikatsika mawu. Ndiye pali Good, dzina lonyenga, pakuti cimbale cotere cimakhala ca phokoso kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngakhale singano siilumpha. Pansi penipeni pali Fair ndi Poor, zong'aluka, zopindika ndi zolumpha. Pa mitengo, lamulo lawo n'lakuti Very Good Plus igulidwe theka la mtengo wa Near Mint, Very Good igulidwe gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo Good igulidwe pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Osonkhanitsa zimbale za 78 ali ndi zilembo zawo zina, koma maganizo ake ndi omwewo.

Woyeza amagwira cimbale m'mphepete, n'kucipendeketsa pa kuwala kuti zipsera zioneke. Akaona pokalika amayendetsapo cikhadabo pang'onopang'ono: ngati cikhadabo cikodwa, singano nayo idzakodwa, ndipo pamenepo padzamveka kugogoda cimbale cikazungulira. Amayang'ana mtundu wa timizere: tikayera ngati phulusa m'malo mwa kuda bii, ndiye kuti singano inatipala kale. Amaona pa kabowo ka pakati, cifukwa cimbale coimbidwa kawirikawiri cimakhala ndi timikwasa pozungulira kabowoko. Amacigoneka pa thebulo kuti aone ngati cinapindika ndi dzuwa. Amawerenga timanambala tolembedwa pa malo osalala pafupi ndi kapepala ka pakati, timene timathandiza kudziwa ngati cimbale cili ca m'gulu loyamba kusindikizidwa kapena ca m'magulu obwereza. Pomaliza amayeza cikuto: kung'ambika m'mbali, madontho a madzi, ndi zolembalemba za inki.

Pamene sikeloyi inena zoona

Tisainyoze msanga. Zimbale zambiri masiku ano zimagulidwa kutali, wogula ali ku London wogulitsa ali ku Memphis, osaonana. Popanda mawu ogwirizana, aliyense angamati cake "n'cabwino ndithu", monga aneneramo wogulitsa njinga pa Lizulu. Sikelo imamanga wogulitsa pa mawu ake. Akati Near Mint cimbale n'kufika cokalika, wogula ali ndi pogwira.

Cinanso, kusalala kwa cimbale si nkhani ya maso okha. Singano ikapala timizere, coyamba kutha ndi mawu ang'onoang'ono: kupuma kwa woimba, kulira kwa nsambo yopyapyala ya gitala, malekezero a mawu. Ife a pa wailesi timadziwa kuti nyimbo ya phokoso ikadutsa pa mlongoti n'kukafika pa kawailesi ka mabatire ofooka, womvera amangomva ngati mvula pa malata. Tefteller yemwe uja ankakopera nyimbo za m'zimbale zake n'kuzitulutsanso pa CD, ndiye cimbale cosalala cinathandiza kuti anthu amve mawu a Tommy Johnson bwino koposa kale. Apa sikelo yagwira nchito yake.

Pamene sikeloyi isokeretsa

Colakwika coyamba n'cakuti ogulitsa ambiri amayeza ndi diso osaika singano. Munthu wa zimbale zikwi ziwiri sangakhale pansi kumvera ciliconse. Koma diso ndi khutu sizigwirizana nthawi zonse. Cimbale cimene cinaimbidwa ndi singano yobuntha cingathe kuwala ngati kalilole, timizere take titaphwanyika m'kati. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pomwe tizimbale tambiri ta 45 ta zaka za m'ma 1950, tojambulidwa mokweza mawu, timaimba mwamphamvu ngakhale nkhope yake ili zipsera zokhazokha.

Citsanzo cacikulu ndi kampani ya Paramount. Eni ake anali Wisconsin Chair Company, opanga mipando, amene analowa m'malonda a zimbale pofuna kuti magalamafoni awo agulidwe. Ankapanga zimbale ndi zipangizo zochipa, kotero kuti cimbale cinkatuluka m'fakitale cili kale ndi phokoso. Komatu ndi pa Paramount pamene panaimba Ma Rainey, Blind Lemon Jefferson, Charley Patton, Son House ndi Skip James. Cimbale ca Paramount cingakhoze mayeso onse a diso, koma cidzaimbabe ngati mukukazinga cimanga. Sikelo siinena kanthu pa zimenezi.

Colakwika caciwiri ndico cimandivuta kwambiri. Funsani kuti cimbale ca blues cimene sicinaimbidwepo cinasungika bwanji. Kawirikawiri ndi cija cinatsalira m'sitolo osagulidwa, kapena cinagulidwa ndi munthu amene sanacikonde. Cimbale cimene mlimi wa thonje anagula ndi ndalama ya thukuta lake cinkaimbidwa Loweruka lililonse, anansi atadzaza pa khonde. Singano yacitsulo imafunika kusintha ikaimba mbali imodzi, koma wosauka ankaibwereza mpaka itabuntha. Conco nyimbo yokondedwa ndiyo inkatha msanga. Osonkhanitsa amadziwa bwino kuti pa cimbale cimodzi mbali ina imapezeka yoyera ndi kupalika pamene inzake ili yakuda bwino, ndipo yopalikayo ndiyo inali nyimbo ya pamtima ya mwini wake. Sikelo imapereka mphoto yoyamba kwa cimbale cimene palibe anavinapo, ndipo cimene cinasangalatsa mudzi wonse imaciika kumapeto.

N'cimodzimodzi ndi dzina lolembedwa pa kapepala ka pakati. Kwa wogula cimeneco n'cilema, ndipo mtengo umatsika. Koma anthu ankalemba maina cifukwa zimbale zinkayenda: zinkabwerekedwa, zinkapita ku maphwando, ndipo mwini ankafuna kuti cake cibwerere. Mbiri ya oimba inalembedwa m'mabuku ambiri. Za omvera, amene ndalama zawo zinacititsa kuti nyimbozi zijambulidwe, kawirikawiri catsala ndi kadzina ka inki kameneko basi.

Colakwika cacitatu ndi kusokoneza kusowa ndi kukoma. Zimbale za Skip James za 1931 n'zosowa zedi cifukwa zinatuluka nthawi imene cuma ca America cinagwa, anthu alibe ndalama yogulira nyimbo. Bessie Smith, amene anayamba kujambula ku Columbia mu 1923, anagulitsa zimbale zoculuka, ndiye zambiri mwa izo lero sizidula kwenikweni. Kodi tinene kuti Bessie Smith anali woimba wocepa? Amene anamumva sangavomere. Momwemonso "Live at the Regal" ya B.B. King, yojambulidwa ku Chicago mu 1964, yasindikizidwa kambirimbiri. Wogula ya m'gulu loyamba amalipira zoculuka, wogula yobwereza amalipira pang'ono, koma kukuwa kwa amayi a mu holo ija pamene gitala ilira n'kumodzimodzi. Mtengo umayeza kucepa kwa cinthu pa msika. Luso la woimba liyezedwa ndi khutu.

Cimbale cotsala cokha

Pali malo amene sikelo yonse imagwa pansi, ndipo osonkhanitsa eni ake amavomereza. Paramount inaleka kujambula mu 1932, ndipo zikombole zacitsulo zimene ankasindikizira zimbale zinatayika pafupifupi zonse. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse shellac inasowa, ndiye zimbale zakale zambirimbiri zinasonkhanitsidwa n'kuphwanyidwa kuti apangire zatsopano. Conco mawu a Charley Patton a pa Paramount amene timamva lero anakoperedwa ku zimbale zotsalira, zambiri mwa izo zotoledwa m'nyumba za anthu, zokalika ndi zopalika. Cimbale cina ca Son House ca 1930, ca nyimbo za "Mississippi County Farm Blues" ndi "Clarksdale Moan", cinasowa zaka zoposa 70, ndipo nyimbozo zinamvekanso kwa anthu mu 2006 citapezeka cimodzi. Cimbale cotsala cokha, kaya cikhale ca Good kaya ca Poor, palibe Mint imene ingalowe m'malo mwake.

Ngakhale zimbale za vinyl za pambuyo pake sizili pabwino kwenikweni. Mu 2008 moto unatentha nyumba yosungiramo matepi ku Universal Studios, ku California, ndipo nyuzipepala ya The New York Times inalemba mu 2019 kuti m'matepi otenthedwawo munali a kampani ya Chess. Tepi yoyambirira ikapsa, cimbale cimene munthu wamba anasunga m'kabati cimasanduka mboni.

Apa tiyenera kuwathokoza osonkhanitsa. Anthu monga Gayle Dean Wardlow ndi Joe Bussard ankayenda khomo ndi khomo kufunsa ngati m'nyumba muli zimbale zakale. Akanapanda kutero, zambiri zikanathera kudzala. Nthawi zina cimbale cinkatsogolera kwa munthu wamoyo. Mississippi John Hurt anajambula "Avalon Blues" mu 1928 n'kuzimiririka. Mu 1963 mnyamata wina wokonda zimbale, Tom Hoskins, anatsata dzina la mudzi wochulidwa m'nyimboyo, nakam'peza mkuluyo ku Avalon ali moyo, akugwira nchito za kumunda. Hurt anaimbanso pamaso pa makamu a anthu mpaka imfa yake mu 1966. Son House ndi Skip James anapezekanso mu 1964, James ali gone m'cipatala ku Tunica.

Koma kuthokoza kusatitseke pakamwa. Ogogoda m'makomo aja ankapereka tindalama tocepa kwa nkhalamba zimene sizinkadziwa mtengo wa katundu wawo. Oimba ambiri a nthawi ya Paramount ankalipidwa kamodzi kokha pa tsiku lojambula. Tommy Johnson anamwalira mu 1956 akuimbabe pa maphwando a kumudzi. Pa madola 37,100 aja, ulendo wa ndalama unali wocoka kwa wosonkhanitsa kupita kwa wogulitsa. Sikelo ili ndi malo a kapsera kalikonse, koma ilibe malo ofunsa kuti cimbaleci cinacoka m'nyumba ya yani, ndipo mwini nyumbayo anapatsidwa zingati.

Za m'masutukesi mwathu

Zimbale za blues ya ku Mississippi si zimene zinadzaza m'midzi yathu. Kuno kunkafika za Gallotone ndi Troubadour za ku South Africa, kwela ya Spokes Mashiyane, marrabenta ya Fany Pfumo, rumba ya ku Congo, ndi nyimbo za Alick Nkhata wa ku Zambia, amene zina ankaimba m'Cinyanja cathu comwe. Koma njira imene blues inadutsa, nyimbo za kuno zayamba kale kuidutsa. Zimbale za Paul Ngozi ndi za gulu la WITCH, za ku Zambia za zaka za m'ma 1970, lero zimafunidwa ndi osonkhanitsa a ku Ulaya ndi ku America, ndipo zina zasindikizidwanso kumeneko. Kwathu kuno nkhondo ya zaka 16 inathamangitsa mabanja ambiri kuwolokera ku Malawi, katundu n'kutsala m'nyumba zimene zinapsa kapena kugwa. Cimbale cimene cinapulumuka pamenepo si cinthu wamba.

Ngati muli naco, cisungeni coimirira, osacigoneka pansi pa katundu wolemera. Cikhale kutali ndi dzuwa, ndi moto wa kukhichini, ndiponso ndi khoma la cinyezi, pakuti vinyl imapindika ndi kutentha, cuku cimamera m'timizere, ndipo ciswe ndi mphemvu zimadya cikuto. Pocigwira, gwirani m'mphepete. Pocitsuka, madzi oyera ndi kansalu kofewa n'zokwanira, mukupukuta motsata timizere, osanyowetsa kapepala ka pakati, ndipo ciume bwino musanacibwezere m'cikuto. Spiriti kapena kacasu zisakhudze cimbale ca 78, cifukwa shellac imasungunuka nazo. Cimbale ca vinyl musaciike pa galamafoni yopukusa: singano yacitsulo idzacipala ulendo umodzi wokha.

Wogula akabwera, musathamangire mtengo woyamba. Akanena kuti n'cokalika, mufunseni ngati anacionapo cina conga ico, pakuti tamva kale kuti cimbale cosowa sicitha mtengo ndi zipsera. Komanso musalote madola zikwizikwi pa cimbale ciliconse. Za Jim Reeves, zimene akuluakulu athu ankazikonda, zinasindikizidwa zoculuka kwambiri moti mtengo wake ndi wocepa ngakhale zitawala cotani. Ndipo musanagulitse, citani ziwiri izi. Pezani poimbira, kaya ku wailesi ya m'dera lanu kaya kwa mnansi amene makina ake akali moyo, mukopere nyimbozo ngakhale pa foni. Kenako lembani m'kope dzina la amene anabwera naco cimbaleco, kumene ankagwira nchito, ndi maukwati kapena maphwando amene cinaimbidwapo, akali moyo okumbukira.

Ciweruzo canga pa sikelo ya Goldmine n'cakuti ndi cida cabwino ca pa msika, monga sikelo ya wogula mbatata. Iphunzireni kuti asakubereni. Koma imayeza cinthu cimodzi cokha, ndico kutalika kwa ulendo umene cimbale cayenda kucokera pa tsiku limene cinatuluka m'fakitale, ndipo ulendo wonsewo imauwerenga ngati kuwonongeka. Nyimbo za blues zinajambulidwa kuti anthu otopa ndi nchito azimvere mpaka cimbale cithe, ndipo ambiri anacitadi zomwezo. Wosonkhanitsa amene amasunga cimbale ca Howlin' Wolf m'pulasitiki, osaciimba poopa kuti cingatsike kucoka pa Near Mint, wasunga mtengo wake bwino lomwe. Koma agogo amene anapala mbali imodzi ya cimbale cawo mpaka kuyera ndiwo angakuimbireni nyimboyo pamtima, ngakhale galamafoni inafa kalekale.